Ndikalumbira kwa mfumu ya kuno, kodi kwathu ndidzakhala mlendo?

Kalata yanu, achemwali, ndinaiwerenga Lachiwiri usiku ndili m'basi pochokera kuntchito, ndipo mpaka lero sinandichoke mumtima. Mwati patha chaka chilandirireni ILR, chilolezo chokhala kuno ku Britain mopanda malire a nthawi, mukufuna kupempha unzika wa Britain kenako pasipoti, koma bambo anu kumudzi akuti mukatero ndiye kuti mwawataya. Mwafunsa kuti muyambire pati. Ndikuyankhani ndithu, koma mundilole ndiyambe ndi bambo anga, chifukwa mawu amene anena bambo anuwo ndi omwe anandimanga ine miyendo kwa zaka 13.

Ndinafika kuno mu 2004, nthawi imene anamwino ambiri tinkachoka m'zipatala za kwathu kudzagwira ntchito ku Mangalande. Kwathu ndi ku Ntcheu, kufupi ndi Lizulu. Amene anadutsapo pa msewu wa M1 akudziwa kuti pamalo pamene paja msewu ndiwo malire: mbali ino Malawi, tsidya linalo Mozambique. Ndili mwana mayi ankandituma kukagula kachewere ndi kabichi kutsidya kwa msewu, ndipo palibe amene ankandifunsa chitupa. Azakhali anga anakwatiwa ku Angonia, maliro ndi maukwati tinkayenderana wapansi. Ndinakula ndikudziwa kuti malire ndi chinthu chodutsa utasenza dengu pamutu.

Bambo ankaona mosiyana. Iwo ali mnyamata anapita ku Joni pa Wenela, nakagwira m'migodi, n'kubwerera ndi njinga, wailesi ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka imfa. Akulu awo anapita ku Salisbury, Harare ya lero, kukafuna ntchito, kalata zinabwera zaka ziwiri, kenako zii. Sitikudziwa ngakhale pamene anagona. Choncho mawu akuti mtchona kwa bambo sanali onyoza munthu, anali chilonda. Pondiperekeza pa bwalo la ndege ku Lilongwe anandigwira dzanja nthawi yaitali, nati: "Mwanawe, ukakhale waulendo, usakakhale mtchona. Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka."

ILR ndinailandira mu 2009. Chaka chotsatira ndinali woyenera kupempha unzika, fomu ndinali nayo m'manja, ndalama nditasunga. Ndinawaimbira foni Lamlungu masana atabwera kutchalitchi. Nthawi imeneyo lamulo la unzika la Malawi, lija la 1966, silinkalola munthu wamkulu kukhala nzika ya mayiko awiri. Ukatenga kwina, kwanu wataya. Nditawafotokozera anakhala chete, moti ndinkangomva nkhuku zikulira pabwalo ndi mayi akutsuka mbale chapatali. Kenako anafunsa motsitsa mawu: "Ndiye pa maliro anga udzabwera ngati mlendo, akudindire masiku 30?"

Fomu ija ndinaiika m'dirowa ndipo sindinaigwirenso. Bambo anamwalira mu 2016. Ndinapita kukawaika ndi pasipoti yanga ya Malawi, ya mkango ndi kambuku pachikuto, ndipo pa bwalo la ndege palibe amene anandifunsa kuti ndikhala masiku angati. Tsiku limenelo ndinathokoza Mulungu kuti ndinawamvera.

Bambo anga sindiwaimba mlandu, chifukwa lamulo la nthawi imeneyo linkawavomereza. Koma inu, achemwali, muli pa nthawi ina. Mu Disembala 2018 nyumba ya malamulo ya Malawi inasintha lamulo lija n'kulola unzika wa mayiko awiri. Panapita nthawi ndithu kuti ndondomeko yake iyambe kugwira ntchito, koma lero Mmalawi atha kulumbira kuno osasiya kukhala Mmalawi. Mantha a bambo anu ndi enieni, koma chimene akuopacho chinachotsedwa. Akulu ambiri kumudzi nkhaniyi sanaimve, ndipo ife amene tili kunja sitinawafotokozere bwino.

Amene amandipweteka mtima ndi anzathu ena, ophunzira bwino, odziwa kuti lamulo linasintha, koma pa Facebook amalembabe kuti wotenga pasipoti ya kunja wagulitsa mtundu. Mawu amenewa ndi ankhanza ndipo ndi abodza. Mayi amene amadzuka 5 koloko m'mawa kukuzizira, kukasambitsa okalamba a eni ake, mwezi ukatha n'kutumiza ya feteleza, ya fizi, ya malata, ameneyo wagulitsa chiyani? Namondwe wa Freddy atagwetsa mapiri ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu Malichi 2023, ndinaona ndi maso anga amayi a gulu lathu la mapemphero akutsanula zikwama patebulo, ena a pasipoti ya kuno, ena opanda ndi mapepala omwe, onse akulira chimodzimodzi. Komanso ndinene mbali inayi, pakuti nayonso ilipo. Alipo anzathu amene akalandira kabuku kabuluu kaja, pasipoti ya Britain, amafika kumudzi Chichewa chitawathawa, nsima akuti ikuwatupitsa m'mimba, abale akuwayang'anira pansi. Amenewo ndi amene amachititsa kuti bambo ngati anu aziopa. Musadzakhale mmodzi wa iwo.

Mwina mungafunse kuti nanga ILR yokha sikukwana? Kwa zaka zambiri inenso ndinkati ikukwana. Ntchito ndinkagwira popanda chiletso, kuchipatala ndinkapita, ngakhale kuvota ndinkavota, poti Amalawi okhala kuno movomerezeka amaloledwa kuvota ngati nzika za Commonwealth. Ana anga awiri anabadwira kuno nditalandira kale ILR, choncho iwo ndi nzika za kuno chibadwire. Koma ILR ndi chilolezo, ndipo chilolezo chili ndi mwini wake. Mukakhala kunja kwa dziko lino zaka ziwiri zotsatizana chimatha mphamvu. Malamulonso sakhala pamodzi: mu Meyi 2025 boma linatulutsa maganizo otalikitsa nthawi yodikira ILR kuchoka pa zaka 5 kufika 10. Amene munailandira kale muli ndi mwayi, musagone nawo.

Chimene chinanditsegula maso kwenikweni ndi matenda a mayi. Mu 2022 ndinali nditatsimikiza zopempha unzika, mapepala onse nditasonkhanitsa, pamene mlongo wanga anaimba kuti mayi agwa ndi sitiroko. Ndinanyamuka sabata yomweyo. Lamulo limati m'miyezi 12 yomaliza musanapereke fomu musakhale kunja masiku oposa 90. Ine ndinali ndi kakope kofiira kamene ndinkalembamo mankhwala a mayi ndi BP yawo, ndipo kumapeto kwake ndinayamba kulembamo masiku. M'mawa uliwonse ndinkawatulutsa pakhonde, kuwakhazika pamphasa atatsamira pilo, kuwamwetsa phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi sipuni yaing'ono, kupukuta pakamwa pomwe phala linkatayikira mbali yakufayo. Akagona ndinkatsegula kakope kaja n'kuwonjezera tsiku. Tsiku la 84 anandipeza ndikulemba. Kulankhula kunali kovuta, koma anandigwira chitenje ndi dzanja lawo lamoyo lija, n'kundiyang'ana osaphethira. Ndinatseka kope. Tikiti ndinaisintha madzulo omwewo. Ndinakhala masiku 137, ndipo ndine amene ndinawatseka maso.

Ndikudziwa kuti oona mafomu amatha kumvetsa pakakhala chifukwa chachikulu ngati chimenechi, koma ine ndinalibe mphamvu zofotokozera mlendo za imfa ya mayi anga. Ndinadikira chaka chathunthu n'kuyambiranso. Chimene sindifuna kuti chidzakuchitikireni ndi chimenecho, kukhala pambali pa kholo lodwala uku mtima wina ukuwerenga masiku. Nzika siwerenga masiku. Inu bambo anu akadali ndi mphamvu, ino ndiyo nthawi yomaliza nkhani imeneyi.

Panali china chimene chinandiwawa, mayeso a Chingerezi. Dziko la Malawi silili pa mndandanda wa mayiko amene boma la kuno limawatenga kuti ndi olankhula Chingerezi, ngakhale ife tinkaphunzira maphunziro onse, kupatula Chichewa, m'Chingerezi kuyambira Sitandade 5. Ine amene ndinali nditagwira m'mawodi zaka 19, kulemba malipoti, kutonthoza odwala usiku, ndinakakhala pampando kuti munthu amve ngati ndimatha kufotokoza za tchuthi changa. Ndimaona kuti lamulo limeneli silichitira chilungamo mayiko ngati lathu. Komabe ndinakalemba, poti walira mvula walira matope.

Tsiku lolumbira linali mu 2024, m'holo ya khonsolo yathu. Tinalipo anthu a mitundu yambiri, kutsogolo kuli mbendera ndi chithunzi cha Mfumu Charles III. Ndinavala chitenje cha mayi ndi duku lake. Sindikubisirani, mawu olonjeza kukhulupirika kwa mfumu analemera pakamwa panga. Ndinakumbuka John Chilembwe ndi 1915, ndinakumbuka chipilala cha ku Zomba cha asilikali a KAR, gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda, anyamata a kwathu amene anafera nkhondo za mafumu a dziko lino. Kenako ndinakumbuka kuti dziko lino ndalipatsa msana wanga ndi zaka za utsikana wanga, ana anga ndi a kuno, msonkho ndadula zaka 20. Ndinalumbira ndi mawu omveka, ndipo misozi inatsika pamene ankandipatsa satifiketi.

Tsono poyambira ndi apa

Musanachite chilichonse, lankhulani ndi ofesi ya kazembe wathu ku London kapena nthambi ya Immigration kwathu, akuuzeni ndondomeko ya unzika wa mayiko awiri ndi mapepala amene akufunika, kuti mbali ya Malawi ikhale yolongosoka. Kenako tengani pasipoti zanu zonse, zakale zomwe, muwerenge zidindo. Pa zaka 5 zapitazi masiku okhala kunja asapose 450, ndipo m'chaka chomaliza asapose 90. Muonetsetsenso kuti tsiku lenileni la zaka 5 zapitazo, kuwerenga kuchokera tsiku loperekera fomu, munali m'dziko muno. Ambiri amagwa pamenepa chifukwa cha ulendo wa Khirisimasi umene anauiwala. Amene ali pabanja ndi nzika ya kuno amawerenga zaka 3 ndi masiku 270, ndipo sadikira chaka atalandira ILR.

Mayeso a Life in the UK, aja a mafunso 24 ofunika kukhoza 18, ngati munakhoza popempha ILR simulembanso. Chingerezi chimafunika cha mlingo wapakati wotchedwa B1 kapena digiri yophunzitsidwa m'Chingerezi yotsimikiziridwa. Pezani mboni ziwiri zimene zakudziwani zaka 3, zosakhala abale anu: mmodzi wa ntchito yodziwika monga mphunzitsi, namwino kapena m'busa, winayo wokhala ndi pasipoti ya Britain. Pa mafunso a khalidwe nenani zonse, ngakhale chindapusa cha pamsewu, pakuti kubisa kumaonedwa ngati mlandu woposa cholakwacho. Ine ndinalipira ndalama zoposa £1,500, mtengo umakwera kawirikawiri, ndipo akakukanani zambiri mwa ndalamazo sizibwerera. Yankho limabwera nthawi zambiri pasanathe miyezi 6, ndipo mukaitanidwa mukalumbire pasanathe miyezi itatu.

Satifiketi ija musaikutire pulasitiki yomatira, amaikana. Ndipo si chiphaso choyendera. Mukangolumbira ILR yanu yatha ntchito, choncho musagule tikiti ya ulendo pasipoti isanafike. Pasipoti yoyamba ya munthu wamkulu ilibe njira yachangu. Mumatumiza satifiketi yeniyeniyo pamodzi ndi pasipoti ya Malawi, ndipo munthu amene wakudziwani zaka ziwiri amatsimikizira kuti chithunzicho ndinu.

Ine ndinachedwa pa nkhani ya dzina. Mapepala anga a kuno anali m'dzina la amuna anga, pasipoti ya Malawi ili m'dzina la bambo, ndipo ofesi ya mapasipoti imafuna kuti maina afanane. Ndinayenera kusankha. Ndinakhala usiku wonse mapepala ali mbwee patebulo, ndipo kutacha ndinauza amuna anga kuti ndibwerera ku dzina la bambo pa zonse. Anandimvetsa. Zinanditengera masabata angapo kusintha ku banki, kuntchito ndi kwina, koma dzina limene lili m'mabuku onse awiri lero ndi la munthu uja anandigwira dzanja ku Lilongwe. Inu yang'anani maina anu panopa, chilembo ndi chilembo, musanapereke fomu yoyamba.

Anandiitananso kuti andifunse mafunso pa vidiyo, monga amachitira ndi ena opempha pasipoti koyamba. Ankangofuna kutsimikiza kuti ndine mwini wake wa mapepalawo: maina a makolo, kumene ndinabadwira, nyumba zimene ndakhalamo. Atafika pa tsiku lobadwa la bambo ndinanena zoona, kuti iwo sankalidziwa, ankangoti pa njala ya 1949 anali atayamba kale kuweta mbuzi. Makolo athu ambiri anabadwa kopanda kalembera. Musapeke tsiku kuti fomu ioneke yodzaza, ndipo chimene mwalemba pa fomu imodzi chikhale chomwecho pa zonse.

Za bambo anu, musawalembere uthenga pa WhatsApp, ndipo musatume mlongo wanu kuti akawauze. Aimbireni nokha nthawi imene akhala pansi, kapena ngati masiku anu akulola, pitani mukawauze pamaso, malume anu ali pomwepo. Muwauze kuti lamulo linasintha mu 2018, kuti pasipoti ya Malawi simukuibweza, kuti tsiku limene adzakufuneni mudzabwera ndi kukhala mpaka adzachire popanda wokuwerengerani masiku. Akafunsa za maliro, monga anafunsira anga, muwayankhe mosazemba, chifukwa funso lawo lenileni ndi limenelo.

Pasipoti yanga inafika Lachinayi m'mawa ndikuchokera ku naiti. Ndinaitsegulira pakhomo pomwepo ndisanavule yunifolomu, kenako ndinakaiika m'kachikwama momwe muli ya Malawi ndi kakope kofiira kaja. Mu Ogasiti ndikupita ku Lizulu kukamanga chiliza cha mayi pafupi ndi cha bambo. Mukadzawaimbira bambo anu mudzandilembere, ndikufuna kumva zimene adzanene.