Mchere wosungunuka: bwanji ukuoneka ngati madzi akumwa?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa m'bale wathu wina amene akugwira ntchito ku Northern Cape, m'dziko la South Africa. Akuti chakufupi ndi Postmasburg anaona nsanja yaitali yozunguliridwa ndi magalasi ankhaninkhani, ndipo anzake anamuuza kuti m'mapaipi ake mumayenda mchere wosungunuka. Atafufuza pa YouTube anadabwa. Funso lake ndi ili: "Kodi ndi mchere womwewu timathira m'ndiwo? Nanga bwanji ukuoneka ngati madzi akumwa, osafiira ngati chitsulo cha pamoto?"

Achimwene, nsanja mwaionayo ndi ya Redstone, yopanga magetsi okwana mamegawati 100 kuchokera ku dzuwa: magalasiwo amalozetsa kuwala kwa dzuwa pansanjapo kuti kutenthetse mcherewo. Mchere wake si wa m'ndiwo ayi. Wa m'ndiwo umasungunuka pa madigiri 801 a Celsius, kutentha kumene kungawononge mapaipi msanga. Umene amagwiritsa ntchito m'malo oterewa ndi wosakaniza: magawo 60 a sodium nitrate ndi magawo 40 a potassium nitrate. Potassium nitrate alimi ena amamudziwa ngati feteleza, ndipo mchere wambiri wa mtunduwu umachokera ku chipululu cha Atacama ku Chile.

Chodabwitsa chili pa kusakanizako. Sodium nitrate payekha amasungunuka pa madigiri pafupifupi 308, potassium nitrate pa 334. Mukawaphatikiza, mungaganize kuti asungunukira pakatikati pa manambala awiriwa. Ayi ndithu, amatsika mpaka cha m'ma 220 kapena 240. Taganizani khoma lomangidwa ndi njerwa zochokera m'zikombole ziwiri zosiyana kukula. Sizikhalana bwino, ndipo siligwira ngati la njerwa zofanana. Tizigawo ta michere iwiriyi natonso timalephera kufola mzere umodzi, choncho kutentha pang'ono kumakwana kutibalalitsa. Ukawonjezerapo mchere wachitatu wotchedwa sodium nitrite, pamapezeka msakanizo wotchedwa Hitec umene umasungunuka pa 142 basi.

Ukasungunuka, mcherewu sukhala ngati phala. Umayenda ngati madzi, makamaka ukatentha kwambiri, koma ndi wolemera: lita imodzi imalemera makilogalamu pafupifupi 1.8. Pa kusunga kutentha, kilogalamu ya madzi imaposa ya mchere pafupifupi katatu, koma madzi amawira pa 100 n'kuyamba kufuna kuphulitsa thanki. Mchere umachoka pa 290 kufika pa 565 uli phee, osawira. N'chifukwa chake amausunga m'mathanki akuluakulu, usiku n'kumauwiritsira madzi, nthunzi yake n'kumazungulitsa makina a magetsi. Nsanja ina yotere, ya Gemasolar ku Spain, imene inayamba mu 2011, imatha kupanga magetsi kwa maola 15 popanda dzuwa.

Tsopano za maonekedwe, pamene ine ndikuona kuti funso lanu lagona. Mchere woyera bwino ukasungunuka, kuwala kumene maso athu amaona kumangodutsamo. Umaona pansi pa mphika bwinobwino, mwina kachikasu pang'ono ukatentha kwambiri. Kuwala kumene umamwa ndi kumene maso sakuona, kwa ultraviolet ndi mbali ina ya infrared. Ndiye pali lamulo la Gustav Kirchhoff, katswiri wa ku Germany: chinthu chimatulutsa kuwala kwa mtundu womwewo umene chimamwa. Chitsulo chimamwa kuwala, n'chifukwa chake chimayamba kufiira chikapitirira madigiri 525. Mchere sumwa kuwala kooneka ndi maso, ndiye suwala kwenikweni. Ukaona kufiira, kawirikawiri ndi mphikawo ukuonekera kudzera mumcheremo.

Kuyera kumeneku kumavutitsa akatswiri kuposa mmene mungaganizire. Ukaloza kachipangizo koyezera kutentha uli patali, kangathe kuwerenga za pansi pa mphika m'malo mwa mchere weniweniwo. Ofuna kuyeza mmene kutentha kumayendera mumchere nawonso amasokonezeka, chifukwa kutentha kwina kumawoloka ngati kuwala, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zimene manambala awo amasiyanirana. Koma kuyerako kulinso ndi phindu: mtundu ukasintha, mchere waulula. Chikasu chowirira mumchere wa nitrate nthawi zambiri chimatanthauza kuti chromium wa m'chitsulo cha mapaipi wayamba kudyeka. Mumchere wa mtundu wina wotchedwa chloride, chitsulo cha cobalt pang'ono chabe chimaupatsa mtundu wa buluu wowirira.

Si za dzuwa zokha. Ku Oak Ridge, m'chigawo cha Tennessee ku America, kuyambira 1965 mpaka 1969 anayendetsa makina a nyukiliya amene uranium wake anasungunulidwa mumchere wa fluoride.

Vuto lalikulu la ku Redstone ndi kwina konse ndi kuzizira. Mchere ukaumira m'paipi umatseka ngati simenti, choncho mapaipi amawakulunga ndi mawaya a magetsi owatenthetsa kuti mcherewo usaume.

Mwafunsanso kumapeto ngati mungayesere pa mbaula. Chonde musatero. Dontho limodzi la madzi, ngakhale thukuta logwa pamphumi, likagwera mumchere wa madigiri 400 limasanduka nthunzi nthawi yomweyo n'kuumwaza kumaso. Nitrate wotentha akakhudza makala kapena mafuta amakolezeranso moto.