Avensis inatha, ndiye mugule chiyani?

Abale anga amene mwangofika kumene ku UK, makamaka inu ogwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, nkhani ya galimoto idzakupezani msanga. Mabasi a m'matauni ang'onoang'ono sangakufikitseni khomo ndi khomo pa nthawi yake. Ambiri mumafunsa za Toyota Avensis, poti dzina la Toyota tinakula nalo, ndipo thupi lake lalikulu limatikumbutsa Mark X ya kwathu. Kodi akupangabe? Ayi, inatha.

Avensis inayamba mu 1997 polowa m'malo mwa Carina E, ndipo inkapangidwa ku fakitale ya Toyota ku Burnaston, pafupi ndi Derby. Anasiya mu 2018. Chaka chotsatira anabweretsanso Camry ya hybrid (yoyendera petulo ndi magetsi) kuti itseke mpatawo, koma sinakhalitse. Pofika kumapeto kwa 2021 anali atasiya kuigulitsa kuno. Si Avensis yokha. Ford Mondeo ya ku Ulaya inatha mu 2022, Vauxhall Insignia chaka chomwecho, ngakhale Mark X ija ku Japan anaisiya mu 2019. Ogula anathamangira magalimoto aatali ngati RAV4 ndi Kuga. Ku Burnaston tsopano kumatuluka Corolla, ndipo kwa ine mlowam'malo weniweni wa Avensis ndi Corolla Touring Sports, ija ya buti yaitali. Ana atatu ndi masutikesi a ku eyapoti amakwanamo bwinobwino, mafuta imamwa pang'ono. Vuto ndi mtengo, umaluma kwa munthu amene akubwezabe ngongole ya ndege.

Ndiye Avensis yakale musaiope. Masipeya alipo, makaniki aliyense amaidziwa. Koma chonde, achimwene ndi achemwali, samalani ndi ya dizilo. Mudzaiona yotchipa, yowala, mipando yachikopa, mtima n'kuyamba kuthamanga. Kutchipako kuli ndi chifukwa. Ku London galimoto ya dizilo yosafika muyezo wa utsi wotchedwa Euro 6, kutanthauza zambiri zimene zinalembetsedwa September 2015 isanafike, imalipira £12.50 tsiku lililonse imene yayenda m'dera la ULEZ (dera lolipiritsa magalimoto otulutsa utsi wambiri), ndipo kuyambira August 2023 derali linakuta maboma onse a London. Ku Birmingham, pakati pa mzinda, ndi £8 patsiku. Ya petulo imangofunika Euro 4, ndipo zambiri za 2006 kubwera kuno zimadutsa. Ikani nambala ya galimoto pa webusaiti ya TfL (bungwe loona za mayendedwe ku London) kapena ya boma ya GOV.UK kuti muone ngati imalipira, musanapereke ndalama zogulira.

Palinso china chimene ogulitsa sanena. Dizilo ya masiku ano ili ndi sefa ya utsi yotchedwa DPF, imene imadziyeretsa yokha injini ikatentha pa ulendo wautali. Ntchito yathuyi ndi ya mphindi zisanu kuyenda, kuzimitsa, kulowa m'nyumba, kuyatsanso. Sefayo imatsekeka, kanyali ka chikasu n'kuyaka, malipiro a mwezi n'kutsalira ku galaja. Zimandiwawa kuona mlongo wathu amene amadzuka 5 koloko m'chisanu akutaya ndalama chonchi. Funani ya petulo, ya injini ya 1.8.

Ma Avensis ambiri anali ma taxi. Mukapita kukaiona, yang'anani mpando wa dalaivala ngati unaphwa mbali yotsikira, zogwirira za zitseko za kumbuyo ngati zinaperepeseka, timabowo pa dashibodi pomwe panali mita, ndi zipsera za zomata pa zitseko. Mbiri ya MOT, yomwe ili ngati COF ya kwathu, imaoneka ulere pa GOV.UK, ndipo imasonyeza mamailo a chaka chilichonse. Akatsika m'malo mokwera, tembenukani muzipita. Wogulitsa akuonetseni V5C, bulu buku ya kuno, ndipo adiresi yake igwirizane ndi pamene mwaima. Zokumana pa malo omwetsera mafuta usiku, ayi.

Inshuwaransi funsani mtengo wake musanagule, chifukwa kwa wobwera kumene nthawi zina imaposa mtengo wa galimotoyo, ndipo injini yaikulu imaikweza. Nenani zoona kuti mumayendera odwala m'makomo, akulembereni business use, kutanthauza inshuwaransi yolola kuyendera galimoto pa ntchito. Mukabisa, tsiku la ngozi akhoza kukana kulipira.

Laisensi ya ku Malawi imagwira ntchito miyezi 12 yokha kuchokera pamene mwakhazikika kuno, ndipo siisinthidwa ndi ya kuno monga zimachitikira ndi ya ku Zimbabwe kapena South Africa. Muyenera kutenga provisional (laisensi yophunzirira), kulemba theory (mayeso a malamulo a pamsewu), kenako mayeso a pamsewu. Mzere wa mayesowo ndi wautali, malo ena miyezi ingapo, ndiye yambani mapepalawo msanga, ngakhale galimoto musanaipeze. Ndipo mukakhoza mayeso pa automatic, dziwani kuti Avensis ya magiya a pamanja simudzaloledwa kuiyendetsa.