Kuyamba nkhani ndi kuifikitsa kwa osindikiza

Achemwali, mwafunsa kuti nkhani muiyambe bwanji, ndipo mukamaliza mupite nayo kuti.

Yambirani pamene zinthu zavutira. Olemba atsopano ambiri amatha tsamba lonse loyamba akufotokoza tambala akulira, dzuwa likutuluka, ndi mbiri ya makolo a mwini nkhani. Mkonzi akawerenga ndime ziwiri osapeza vuto, amaiika pambali. Tionetseni mayi ali pa depoti ya Wenela, kondakitala akukuwa kuti basi ikunyamuka, iye akumasula mfundo ya chitenje n'kupeza ndalama ya chipepeso mulibe. Apo wowerenga sangasiye. Mbiri ya mayiyo idzalowa pang'onopang'ono kutsogoloko, kudzera m'zokamba za anthu. Ndipo anthuwo azilankhula monga alankhulira a ku Ndirande kapena mumsika wa Limbe, osati ngati akuwerenga nkhani pa wailesi.

Musathamangire buku lalitali. Lembani kaye nkhani yaifupi ya mawu 1,000 mpaka 1,500, ya anthu osapitirira atatu ndi vuto limodzi. Mukamaliza isungeni masabata awiri, kenako muiwerenge mokweza; pomwe lilime lapunthwa, pakonzeni. Kalembedwe kovomerezeka ka Chichewa mukatsate, Mtanthauziramawu wa Chinyanja ukhale pafupi.

Khomo lapafupi ndi nyuzipepala. Malawi News ndi Weekend Nation, zonse za ku Ginnery Corner konkuno ku Blantyre, zimakhala ndi masamba a zolembalemba. Gulani, muone kutalika kwa nkhani zomwe amatulutsa, yanu ifanane nazo. Ngati mumatha kulemba m'Chingerezi, mpikisano wa Commonwealth Short Story Prize ndi waulere, umafuna mawu 2,000 mpaka 5,000, ndipo umatseka pa 1 Novembala. Lowaninso m'bungwe la Malawi Writers Union kuti zolemba zanu zizionedwa ndi anzanu odziwa, osati achibale okha amene amangoti "zili bwino."

Pa za buku m'pomwe ambiri amalira. Pali makampani monga Dzuka ndi CLAIM, amene akalandira buku amalikonza, kulisindikiza ndi kuligulitsa, inu n'kumalandira gawo lanu. Mgwirizano wake muuwerenge wonse: gawo lanu ndi lotani, likubwera liti, ndipo umwini wa bukulo ukutsala ndi yani. Pali enanso amene ntchito yawo ndi makina basi; mukawapatsa zolakwika, amachulukitsa zolakwikazo. Mukasankha kudzilipirira nokha, lipirani kaye mkonzi, tengani nambala yozindikiritsa buku, yotchedwa ISBN, ku National Archives ku Zomba, kalembetseni bukulo ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za olemba ndi aluso ena, ndipo pemphani buku limodzi lachitsanzo muone ngati masamba sakuthothoka. Yambani ndi mabuku 100 kapena 200. Mukasindikiza 1,000 musanadziwe ogula, makatoni adzangodzaza kuchipinda, chinyezi cha dzinja n'kuwaononga.