Kwa asisi mwalandira laputopu yochokera ku Joni

Asisi, funso lanu ndaliona. Mwati achimwene anu akutumizirani laputopu yakale kuchokera ku Joni, kompyuta simunagwirepo, mukuopa kuiwononga, komanso mukufunsa ngati mugule antivirus, pulogalamu yoteteza kompyuta ku mavairasi, poti mukumva kuti anthu akuberedwa pa intaneti. Ndilemba zambiri ndithu, mundipirire.

Mantha owononga aja achotseni kaye. Kompyuta siifa chifukwa mwadina polakwika ayi, imafa ndi tiyi wotayikira pa kiyibodi, kugwa pansi, kapena kuigoneka pa bulangete mpaka timabowo totulukira mpweya titsekeke n'kuyamba kutentha. Ndiye muzingodina basi. Tsegulani Word, lembani chilichonse, kaya kalata yopita kumudzi kaya mndandanda wa okongola pa geni yanu, zala zizolowere. Mabatani oti muloweze ndi ochepa. Ctrl ndi S pamodzi ndi kuseva, ndipo ndi magetsi athuwa kuphatikiza batire yotopa ya laputopu yakale, awiri amenewa muziwadina pafupipafupi. Ctrl ndi Z imabweza zomwe mwalakwitsa, Ctrl C imakopa, Ctrl V imakaika zokopazo pomwe mukufuna. Fayilo iliyonse muziipatsa dzina lomveka, osangosiya Document1, ndipo CV mukamatumiza kofunsira ntchito muziiseva ngati PDF kuti isakasokonekere kumeneko.

Antivirus musagule, ndalamazo gulani bandulo. Windows ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, ndipo Windows 10 ndi 11 zimabwera kale ndi antivirus yake yotchedwa Microsoft Defender, yomwe kwa munthu ngati inu ndi ine imakwana, bola kuilola izipanga update. Chofunika kuona ndi choti makinawo ali ndi Windows iti. Windows 7 a Microsoft anasiya kuisamalira mu January 2020, Windows 10 nayo anaisiya pa 14 October 2025, ndiye ngati laputopuyo ili ndi Windows 7 ine sindingalowerepo ku akaunti ya kubanki.

Vairasi yomwe imativuta kuno kwenikweni ndi ya pa fulashi. Mwapita kokapulinta, mwabwerako, mafoda onse asanduka ma shortcut, tizithunzi tokhala ndi kamuvi pakona. Musawadine. Nthawi zambiri mafayilo amakhala alimo, angobisika, opanga makompyuta amawabweza mosavuta. Njira yabwino ndi kuwatumizira opulintawo pa imelo kapena pa WhatsApp, fulashi itsale kunyumba. Ndipo mukalowa mu imelo yanu pa kompyuta ya mu cafe, ikafunsa zosunga pasiwedi kanani, pochoka mupange log out, kungotseka tsamba sikutuluka.

Koma apa ndi pomwe ndikufuna mumvetse, chifukwa anthu amathamangira antivirus kusiya pomwe pali vuto. Akamberembere ambiri sathyola foni kapena kompyuta ya munthu, amangopempha, ife n'kuwapatsa tokha. Zimayenda chonchi. Mwangokhala, meseji yalowa ya manambala 6 yochokera ku WhatsApp, inu simunapemphe. Posakhalitsa mnzanu wa kukwaya, nambala yake yomwe ija, chithunzi chake chomwe chija, akulemba kuti "sisi pepani khodi yanga yabwera kwa inu molakwika, tanditumizireni msanga". Si mnzanuyo ameneyo, yake anamulanda kale. Mukangotumiza, WhatsApp yanu yasamukira pa foni ya wakubayo, ndipo pofika madzulo gulu lonse la kutchalitchi lalandira uthenga woti mwana wanu wagonekedwa kuchipatala akuthandizeni. Ndiye lero lomwe lowani mu Settings, Account, Two-step verification, muike PIN ya manambala 6 ndi imelo yanu. Zikachitika kale, lembetsaninso WhatsApp ndi nambala yanu, khodi yatsopano ikalowa winayo amatuluka, kungoti ngati iye anaikamo PIN yake mungadikire masiku 7.

Ku Airtel Money ndi Mpamba nkhani ndi yomweyo. Meseji yoti mwalandira K50,000, kenako foni, munthu akulira kuti watumiza molakwika ndi ya maliro mumubwezere. Musakangane naye, dulani, imbani *211# kapena *444# muone balansi nokha. Meseji yeniyeni imabwera ndi dzina la kampani, osati nambala wamba ngati ya munthu. Ndipo palibe wa kampani ya foni kapena wa kubanki amene amafunsa PIN, olo alankhule Chingerezi chothyakuka bwanji. Kwa ajenti nakonso muzilemba nokha, zomatchula PIN mokweza pamsika zija zimandiwawa ine, makamaka poti ambiri PIN yawo ndi chaka chobadwa, chomwe chili pa ID ndi pa Facebook pomwe.

China chomwe ambiri sitiganizira, Gmail yanu anakutsegulirani ndani? Ngati ndi mnyamata wogulitsa mafoni kapena chibwenzi chakale, pasiwedi akuidziwa, mwinanso nambala yobwezera akaunti anaika yake. Imelo ili ngati kiyi wa chitseko chachikulu, amene ali nayo atha kusintha pasiwedi ya Facebook ndi zina zonse. Sinthani, muikemo nambala yanu. Pasiwedi yabwino ndi yaitali, tengani mawu anayi osagwirizana, ngati mbatata, njinga, mvula, lachitatu, muwalumikize muonjezere manambala. Osatenga awa ndalembawa eti. Akaunti iliyonse ikhale ndi yakeyake, ndipo kuzilemba m'kope lomwe limakhala m'sutikesi kunyumba si kulakwa, kulakwa ndi kukhala ndi imodzi paliponse. Mu Gmail momwemo muli Google Drive, malo osungira mafayilo pa intaneti a 15 GB aulere, sungani mmenemo satifiketi ya MSCE ndi mapepala ena, laputopu ikadzabedwa musadzalire kawiri.

Malinki a bandulo yaulere ndi ntchito zofuna ndalama ya mafomu, zisiyeni zidutse, ndipo chithunzi cha ID musamatumize kwa munthu wosamudziwa. Mukaberedwa jambulani ma screenshot, imbirani kampani ya foni msanga, mukanene ku polisi, lamulo lilipo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016.

Pa laputopupo dinani Start, lembani winver, dinani Enter, mutiuze pano Windows yomwe yatuluka tione ngati ikufunika kusintha.