Kodi François Bayrou timutche "nduna yapakati"?

Funso: Ndimamasulira nkhani zakunja pa wailesi ina ya m'dera. Manyuzipepala a ku Ulaya amanena kuti François Bayrou wa ku France ndi wandale wa "pakati", choncho ndinalemba kuti "nduna yapakati", koma mkonzi wanga anaseka n'kufufuta. Cholakwika n'chiyani? Komanso tiziti "nduna inati" kapena "nduna anati"?

Yankho: Mkonzi wanu anaseka chifukwa kwa ife "wapakati" ndi mayi woyembekezera, ndipo womvera amene watsegula wailesi nkhani ili mkati angaganize kuti ndunayo ili ndi pathupi. Wina angamve ngati mukunena nduna ya udindo wocheperapo, pomwe a Bayrou anafika pokhala Nduna Yaikulu mu December 2024.

Ku France ndale zimagawidwa kumanzere ndi kumanja. Akumanzere amafuna boma lizilowerera kwambiri pa chuma n'kuteteza antchito, pomwe akumanja amakonda msika waufulu ndi kusunga miyambo. A Bayrou anali nduna ya zamaphunziro kuyambira 1993 mpaka 1997 m'maboma akumanja a Édouard Balladur ndi Alain Juppé, koma mu 2007, atakhala achitatu pa chisankho cha pulezidenti ndi mavoti oposa 18 pa 100 alionse, anayambitsa chipani cha MoDem chokana kumangiriridwa ku mbali ziwirizo. Mu 2012 analengeza kuti m'gawo lachiwiri la chisankho avotera François Hollande wa kumanzere, ndipo mu 2017 anakhala pambuyo pa Emmanuel Macron.

Munthu wotere si mkhalapakati, pakuti mkhalapakati amayanjanitsa okangana ndipo safuna mpando umene akuulimbirana, pomwe a Bayrou anapikisanira mpando wa pulezidenti katatu. "Wosakondera mbali" amayenera woweruza milandu. "Nthirakuwiri" ndi mawu onyoza, ndipo ngakhale adani awo angawakonde, wolemba nkhani alibe nawo ntchito. Ine ndingalembe kuti "wandale wotsata mfundo zapakatikati", ndipo potchula koyamba ndingawonjezere kuti "zosapendekera kumanzere kapena kumanja". N'zotalika ndithu, koma pa wailesi womvera alibe mwayi wobwerera m'mbuyo kuti amvetse.

Za funso lachiwiri, "nduna" ili m'gulu limodzi ndi "mfumu", choncho timati nduna ya, nduna yathu, nduna inati. Chitsanzo ndi ichi: "Nduna ya zachilungamo inatula pansi udindo mu June 2017, itangogwira ntchito mwezi umodzi ndi masiku ochepa." Mukafuna kupereka ulemu, yambani ndi "a": "a Bayrou anati" kapena "anduna anati". Chosafunika ndi kusakaniza n'kulemba "nduna ya zachilungamo anati", ngakhale kuti zimenezi zikumveka kawirikawiri masiku ano.

Musamalenso pofotokoza mmene a Bayrou anasiyira udindo wa Nduna Yaikulu. Pa 8 September 2025 iwo eni anapempha aphungu kuti avote ngati akukhulupirira boma lawo, ndipo 364 anakana pomwe 194 anavomera. Tsiku lotsatira a Bayrou anapereka kalata yotula pansi udindo kwa Pulezidenti Macron. Apa "anachotsedwa ntchito" zingasocheretse anthu kuti pulezidenti ndiye anawathamangitsa. Lembani kuti aphungu anagwetsa boma lawo, ndipo iwo anatula pansi udindo monga momwe malamulo a dzikolo amanenera.