Alur dom inandiliza ku Mayfair

Achemwali, nditangoona funso lanu la kaphikidwe ka alur dom, ndiwo ya kachewere ya anthu a ku Bangladesh ndi ku India, mtima wanga wapita kutali, chifukwa ndiwo imeneyi inandiliza ine munthu wamkulu. Ndinkagwira ntchito ya m'nyumba ku Mayfair, ku Johannesburg, kwa banja la ku Bangladesh. Tsiku lina kukubwera alendo, madamu anangondiikira pa tebulo thumba la kachewere wamng'onowamng'ono, botolo la mafuta a mpiru ndi kabotolo ka panch phoron, n'kunena kuti wakhala ukundiona ndikuphika, phika. Iwo ulendo wa ku Fordsburg kukagula nsomba.

Kuona ndinkawaonadi, koma ndili ndi chokolopera m'manja! Palibe anandiuzapo kuti m'kabotolo muja muli njere za mitundu isanu: jeera (cumin), kalonji (nigella), mouri (fennel), mpiru ndi methi (fenugreek). Methiyo ndiye mfiti, ikapserera imawawa. Ndinatenthetsa mafuta mpaka kufuka utsi monga ankachitira iwo, n'kuthira njere zija moto uli lawilawi. Pompo foni kulira, mwana wanga kumudzi akudwala. Ndinangocheuka pang'ono. Pobwerera njere zada bii. Ndi mantha ndinathira anyezi, jinja, tomato, chikasu, kachewere, n'kuvundikira, ndikudzinamiza kuti msuzi ubisa.

Sunabise. Alendo akhala pa tebulo, luchi, buledi wawo wopyapyala wokazinga m'mafuta, wafufuma bwinobwino, mlamu wawo wa madamu anangoluma kamodzi n'kulavulira m'tishu. Kenako kundiitana pamaso pa anthu onse kuti ndilawe. Ndinalawa. Kuwawa kwake ngati kwinini. Anayankhula m'chinenero chawo, onse kuseka, ine chiimire ndi supuni m'manja, misozi ili lengelenge, maganizo ali kwa mwana. Madamu, amene sanandiphunzitsepo n'kamodzi komwe, duu, maso pa mbale. Kutha kwa mwezi anandidula R200. Ya kachewere! Chinthu choti iwo anaphunzira kwa amayi awo kuyambira ali mwana, ine ndichidziwe ndi maso okha? Mpaka lero ndikakumbukira mayi uja akundilozera mbale ndi chala, m'mimba mumanditentha.

Ndiye inu musaope moto. Mafuta a mpiru akapanda kutentha mpaka kufuka amanunkha mwaukali, amalowa m'mphuno, ndiwo yonse imawonongeka. Koma akafuka chotsani poto pamoto, azizireko, ndiye muthire njere, zikangoyamba kuthetheka anyezi alowe. Zikada tayani, yambani pena, mafutawo musawaumire.

Kachewere muwiritse pang'ono asapse kwenikweni, musende, mubayebaye ndi foloko, mupake mchere ndi chikasu, mukazinge mpaka afiire. Tomato ndi jinja zikazingike mpaka mafuta aoneke m'mbali, thirani kachewere uja ndi madzi pang'ono, vundikirani, moto wochepa. Msuzi wake si wa nsima ayi, umafunika kukakamira pa kachewere. Shuga theka la kasupuni kakang'ono, musadabwe, ambiri a ku Kolkata, ku India, amathira. Garam masala ndi ghee (batala woyenga) pomaliza. Ena amaphika yopanda anyezi ndi adyo, amangothira hing, chokometsera cha fungo lamphamvu (asafoetida).

Kunena zoona ine masiku ano panch phoron sindiikhudza, ndimangothira jeera, tsamba la bay ndi tsabola wouma, ndipo mafuta a mpiru akasowa a mpendadzuwa ndimaphikira. Koma tsiku loyamba musaphikire alendo, ndipo foni isiyeni kuchipinda.