Phazi la mwana wanga limapindika dzuwa likapendeka

FUNSO: Adokotala, mwana wanga wamkazi wa zaka 8 amadzuka akuyenda bwinobwino, koma akamaweruka kusukulu phazi lakumanzere limapindikira mkati, ndipo pofika madzulo amayendera zala, moti nsapato yake yatha mbali imodzi. Mchimwene wanga nayenso ankatero ali mwana. Apongozi anga akuti wina anamulodza, ena akuti ndi khunyu. Kodi n'chiyani? Mayi wa ku Kapiri, Mchinji.

YANKHO: Mayi, matenda sapimidwa pa kalata, koma zimene mwafotokozazi zikufanana ndi dystonia, vuto limene ubongo umalamula minofu kukungika mwiniwake asakufuna, mpaka chiwalo kupindika. Dokotala wa ku Germany, Hermann Oppenheim, ndiye anawatcha dzinali mu 1911. Si ufiti ayi, ndipo akusiyana ndi khunyu chifukwa wodwalayo sakomoka, amadziwa zonse zimene zikumuchitikira.

Mitundu ina imayenda m'magazi a banja, ndipo pamenepa nkhani ya amalume ake ndi yofunika kwambiri. Kholo likakhala ndi chibadwa cha matendawa, mwayi woti mwana atengere umakhala theka pa mimba iliyonse, komabe ambiri otengera saonetsa chizindikiro chilichonse. N'chifukwa chake inuyo mungakhale wathanzi pamene mwana wanu akuvutika, ndipo palibe woyenera kumuloza chala.

Chandigwira mtima ndi chakuti amadzuka bwino n'kumavutika madzulo. Umu ndi mmene umachitira mtundu umene dokotala wa ana wa ku Japan, Masaya Segawa, anaufotokoza m'zaka za m'ma 1970. Ubongo supanga dopamine (kemikolo youthandiza kulamulira minofu) wokwanira, ndipo wochepa amene alipo amanka natha tsiku likamapita, tulo n'kudzamubwezeretsa. Mtunduwu umagwira atsikana ambiri kuposa anyamata. Zimandiwawa kuti ana otere nthawi zina amayesedwa olumala chibadwire, chonsecho mlingo wochepa wa mankhwala a levodopa umawayendetsanso, kawirikawiri m'masiku kapena masabata ochepa.

Pitani naye kuchipatala cha boma ku Mchinji, mukapemphe kalata yokaonana ndi dokotala wa ana ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Popeza kuchipatala mudzafika m'mawa, nthawi imene iye amaoneka wabwinobwino, mujambuleni kanema pafoni akuyenda m'mawa ndiponso madzulo, mutengenso nsapato ija. Mankhwalawo musagule nokha, chifukwa mlingo wake ayenera kuuika ndi dokotala amene wamupima mwanayo.